Chitini cha Mabauti

Kalasi lathu lili pamwamba pa sitolo ya matayala ku Doornfontein,
Lachiwiri ndi Lachinayi, dzuwa likalowa.
Tilipo khumi ndi anayi, buku la miyeso ya zitsulo ndi limodzi,
chikuto chake chomata ndi selotepi,
masamba awiri a pakati anapita ndi wophunzira wa chaka chatha.

Mayi Mokgosi salowa ndi laputopu.
Amalowa ndi chitini cha mabisiketi chodzaza mabauti othyoka,
n'kukhuthulira patebulo, khwaaa!
"Aliyense atole lake, andiuze linafa bwanji."
Langa linali lopotoka khosi ngati nkhuku ya chitopa.
Ndinati: analimanga mopyola muyeso.
Anati: "Ayi. Analisenzetsa katundu wa anzake atatu
amene munthu wina anaiwala kuika."

Tsiku lina anabwera ndi siponji yotsukira mbale,
anaijambula mizere, anaipinda pamaso pathu.
Pamwamba mizere inapanikizana,
pansi inatayana ngati abale a pamaliro a munthu wachuma.
"Mtanda uliwonse umakhala chonchi," anatero,
"ndipo chitsulo chabwino chimayamba chawerama, kukuchenjezani, chisanathyoke."
Ine ndinakumbuka lendi ya ku Jeppe ikundikanikiza pamutu,
mauthenga a kumudzi akundikoka kumapazi.
Sindinakweze mkono.

Magetsi akathima satibalalitsa.
Timakwera padenga ndi matochi a mafoni,
iwo n'kuloza kileni itaima mwendo umodzi mumdima,
n'kuloza nsanja ya mgodi wakale yodyeka ndi dzimbiri:
"Mzinda wonsewu ndi bolodi. Werengani."
Agogo anga a Namacha anabwera kuno pa Theba,
analowa pansi pa misewu yomweyi,
anabwerera ndi bulangete, njinga ndi chifuwa.
Iwo chitsulo anachidziwa chikulendewera pamutu pawo.
Ine ndikuphunzira kuchifunsa mafunso.

Pakhomo anamatapo pepala la basale:
zaka zitatu, fizi yonse, jombo ndi chipewa.
Ndinawerenga mpaka m'munsi, pa timalemba tating'ono ngati nyerere,
pamene amati nzika zokhazokha.
Ndinawerenganso, ngati kuti tisintha.
Lebohang ndinamuthandiza masamu a fomu yake usiku uwiri.
Atamutenga ndinawomba m'manja zenizeni,
manja anandiwawa mpaka mu takisi.

Lachinayi lotsatira Mayi Mokgosi anandiimitsa pamasitepe,
analemba nambala kuseri kwa lisiti la buledi.
"Ku Germiston kuli shedi, akufuna maso Loweruka lililonse.
Ndalama zake n'zochepa.
Ukaone ngati mabowo a papepala akukumana ndi mabowo a pachitsulo."
Ndinapita. Loweruka loyamba ndinapeza awiri osemphana ndi chala chimodzi,
kapitawo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandipatsa tiyi m'kapu yake.

Kwathu ku Phalombe Napolo anadutsa usiku,
ananyamula mlatho ngati munthu wotola nkhuni.
Mchemwali wanga Esinati amawoloka yunifomu ili pamutu,
makope m'jumbo ya shuga.
Mtsinjewo ndimaudziwa ndi mapazi anga:
makumi anayi ndi awiri, chilimwe.

Ndiye kumapeto kwa kope langa, kumene sachonga,
ndakhala ndikuuyala mlathowo mobisa,
mtanda ndi mtanda, bauti ndi bauti.
Dzulo ndinaiwala kope patebulo.
Lero ndalipeza lili ndi inki yofiira:

"Wawerengera ngolo, wawerengera ana a sukulu.
Madzi a mu Malichi sunawawerengere.
Kweza mizati. Yambiranso.
Ubwere nalo Lachiwiri, tikaliike pabolodi."